Achemwali, namwinoyo musamusandutse

Wina wandilembera imelo. Ndi mtsikana amene akulemba buku lake loyamba, ndipo m'bukumo muli namwino amene wakondana ndi vampaya, munthu wa m'nthano womwa magazi a anthu, wosakalamba ndi wosafa. Wafika pamutu womaliza ndipo dzanja lauma. Akufunsa kuti, amusandutse namwinoyo vampaya kuti awiriwo akhale limodzi mpaka kalekale, kapena amusiye akalambe ndi kufa? Anzake amene awerenga akumuuza kuti amusandutse, ati owerenga amafuna mathero okoma.

Achemwali, funso lanu landigunda pabala. Yankho langa ndi lakuti musamusandutse, koma mundipirire chifukwa ndidzera kutali.

Mwamuna wanga anadwala impso. Matendawa samutenga munthu tsiku limodzi, amamudya pang'onopang'ono, miyendo kutupa, nkhope kusintha, chakudya kukanika. Ine ndinali gadiyani wake. Amene munagonapo pansi m'wodi, chitenje chimodzi choyala china chofunda, mukudziwa mmene usiku wa kuchipatala umatalikira. Tulo sitibwera. Ukangoti utseke maso, wina wabuula pabedi la pafupi, kapena kunja kwa khonde amayi ayamba kulira chifukwa wawo watsogola. Mwana wa mchimwene wanga, amene panthawiyo anali ku sekondale, anandibweretsera mabuku ake oti ndizitayira nthawi. Anali a Twilight, nkhani ya mtsikana Bella ndi vampaya Edward, okutha m'makona, ogula kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu. Ndinkawerenga ndi tochi ya pafoni, mutu nditafunda kuti ndisadzutse odwala.

Ndipo ndinkawakonda. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti chimene anzanuwo akufuna ndikuchidziwa kuchokera m'kati. Usiku wina ndinayang'ana mwamuna wanga akupuma movutikira, dilipi ikudontha, ndipo mtima wanga unapempha chinthu chimene pakamwa sipakanatchula: pakanakhala wina woti amulume pakhosi, ululu wa masiku ochepa, kenako adzuke wamphamvu osadzadwalanso. Ndikanavomera. Ndikanasaina pepala lililonse. Choncho munthu akandiuza kuti mabuku amenewa ndi zibwana za atsikana, ndimadziwa kuti sanakhalepo pambali pa bedi la munthu amene akumukonda, akuwerenga mpweya wake.

Anamwalira. Tinaika maliro, abale anabalalika, nyumba inakhala zii. Patapita miyezi ndinatenganso mabuku aja ndipo lomaliza lija sindinathe kulimaliza. Linkandipsetsa mtima. Zinanditengera nthawi kuti ndidziwe chimene chinkandipsetsa mtimacho.

Taonani mmene nkhaniyo imayendera. Edward anabadwa mu 1901 ku Chicago, ndipo anasandutsidwa mu 1918 ali ndi zaka 17, chimfine choopsa cha chaka chimenecho chitatsala pang'ono kumupha. Bella akumana naye ku Forks, m'boma la Washington, nayenso ali ndi zaka 17. Tsamba labwino kuposa onse m'mabuku anayiwo lili koyambirira kwa buku lachiwiri, la mu 2006. Bella akulota akuona gogo wokalamba, akuyesa ndi agogo ake amene anamwalira, kenako azindikira kuti akuyang'ana pagalasi. Gogoyo ndi iye mwini, ndipo Edward waima pambali pake akadali mnyamata. Pamenepo ndi pamene pali nkhani yonse. Wolembayo anaigwira m'manja. Koma pofika buku lachinayi, la mu 2008, Bella asandutsidwa, ndipo ataya chiyani? Mwana ali naye. Bambo ake akuwaonabe. Ludzu la magazi a anthu, limene tinauzidwa kuti limapengetsa aliyense wosandutsidwa kumene, iye akuligonjetsa tsiku loyamba lomwe. Wakongola kuposa kale, wamphamvu kuposa kale, ndalama zilipo. Mabuku atatu onse amatiopseza kuti mtengo wake ndi waukulu, tsiku lolipira litafika palibe amene analipira kanthu.

Ine ndinali nditalipira. N'chifukwa chake ndinalitseka.

Ndipo poti ndayamba, ndinene ndi ichi chimene ambiri amachilambalala. Munthu wazaka zoposa 100 amene amalowa m'chipinda cha mtsikana wa sukulu usiku n'kumamuyang'ana ali mtulo, mtsikanayo osadziwa, amene m'buku lachitatu akuchotsa chitsulo m'galimoto ya mtsikanayo kuti asapite kukacheza ndi mnzake, kwathu kuno tili ndi dzina lake. Ndi chidyamakanda, ndipo ndi wansanje yoopsa. Nkhope ya zaka 17 siyichotsa zimenezo. Ndimadandaula ndikaganiza kuti mwana wa mchimwene wanga uja ankawerenga izi ali ndi zaka zofanana ndi Bella, n'kumaphunzira kuti mwamuna akakulondalonda ndiye kuti wakukonda kwambiri. Ndasangalala kuti namwino wanu ndi munthu wamkulu, wa ntchito yake, woti waonapo imfa ndi maso. Musamuchepetse. Asakhale kamtsikana kongodikira kupulumutsidwa.

Chimene ndimakhulupirira tsopano, ndipo palibe angandisinthe, n'chakuti nkhani ya vampaya ndi nkhani ya maliro kuyambira pachiyambi pake. Isanalowe m'mabuku inali m'midzi ya ku Serbia. Mu 1725 m'mudzi wa Kisiljevo munamwalira mlimi dzina lake Petar Blagojević, ndipo atangoikidwa anthu ena m'mudzimo anayamba kufa motsatizana, akunena kuti amawabwerera usiku. Mkulu wa boma la Austria amene analipo pofukula mtembowo analemba lipoti, ndipo m'lipotimo muli kachinthu kamene kamandiliza. Mkazi wa malemuyo ananena kuti mwamuna wake anabwera kunyumba kudzapempha nsapato zake. Nsapato. Kenako mayiyo anasamuka m'mudzimo. Namfedwa aliyense akuidziwa nkhani imeneyi popanda womuphunzitsa. Ine wanga ankabwera kutulo atavala shati yake ya kutchalitchi, akufunsa kumene ndaika makiyi. Ndinkadzuka dzanja lili mbali yake ya bedi. Wakufa amene akubwerera kwa ake usiku, amene sakusintha nkhope, amene umamulakalaka komanso umamuopa, ameneyo ndiye vampaya woyamba. Zovala zakuda ndi nyumba zachifumu zinabwera pambuyo, mlembi John Polidori atamuveka ulemu wa bwana m'nkhani yake ya mu 1819.

Sakalamba. Ichi ndi chimene chimandipweteka mpaka lero. Mwamuna wanga anali wamkulu kwa ine, koma tsopano ndapitirira zaka zimene anamwalira nazo. Pachithunzi cha pabalaza akadali ndi tsitsi lakuda, ine imvi zayamba. Zaka zikubwerazi mlendo adzalowa m'nyumba muno n'kufunsa ngati uyo ndi mwana wanga. Loto la Bella lija ine ndikukhalamo masana. Ndiye wina akandiuza kuti chikondi cha munthu wokalamba ndi wosakalamba chimafunika kukonzedwa kuti mathero akome, ndimamva ngati akundiuza kuti chikondi changa n'cholakwika.

Mlembi wina, Anne Rice, ankazidziwa izi. Mwana wake wamkazi, Michele, anamwalira ndi khansa ya m'magazi mu 1972 ali ndi zaka zisanu. Mu 1976 munatuluka buku lake la Interview with the Vampire, ndipo m'menemo muli Claudia, kamtsikana ka zaka zisanu kamene kanasandutsidwa ku New Orleans. Mayi woferedwa anali ndi cholembera m'manja, akanatha kumupatsa mwanayo moyo wosatha wachisangalalo. Sanatero. Claudia maganizo ake akukula, akukhala mayi wamkulu, thupi likadali la mwana, ndipo akuda amene anamuchita zimenezi mpaka kufuna kupha mmodzi wa iwo. Munthu amene anali ndi chifukwa chachikulu kuposa tonsefe chofunira kuti imfa ichotsedwe analemba kuti kuichotsa ndi temberero. Ine ndimamukhulupirira iyeyo kuposa anzanu aja.

Za magazi

Pali china chimene mwina simunachiganize, ndipo kwa namwino n'chofunika kwambiri. Anthu ambiri amayesa kuti Dracula wa Bram Stoker, wa mu 1897, ndi nkhani ya chikondi cha vampaya Dracula ndi mkazi wotchedwa Mina. M'bukumo mulibe zimenezo. Anaziika ndi a kanema, makamaka ya Francis Ford Coppola ya mu 1992. M'buku Dracula ndi chilombo, amatenga popanda kupempha. Chikondi chili kwina. Lucy, mnzake wa Mina, akufooka chifukwa akuyamwidwa magazi usiku, ndipo amuna anayi, mmodzimmodzi, akutambasula mikono kuti magazi awo athiridwe mwa iye: Arthur amene anamutomera, Seward ndi Quincey amene anamufunsira n'kukanidwa, ndi dokotala wachikulire Van Helsing. Nthawi imeneyo magulu a magazi anali asanadziwike, Karl Landsteiner anadzawafotokoza mu 1901, choncho kuthira magazi kunali kuika moyo pachiswe. Lucy anamwalirabe. Ndipo atamuika, Arthur akunena kuti kuyambira tsiku lija anapereka magazi ankamva ngati anali atakwatirana kale.

Ndinawerenga zimenezo nditapereka kale magazi anga. Odwala impso magazi amawathera, ndipo tsiku lina tinauzidwa kuti tipeze opereka. Ndinagona pakabedi kaja, singano m'mkono, ndikuyang'ana thumba likudzaza. Sindinali ndi mphamvu yochiritsa aliyense, koma ichi chokha ndikanatha. Pa zonse zimene ndinachita m'banja langa, palibe chimene ndimachiyesa chikondi kuposa ola limenelo. M'nkhani yanu muli munthu amene amakhala ndi moyo pomwa magazi, ndi mkazi amene ntchito yake ndi kusunga magazi m'matupi mwa anthu. Funso lalikulu la buku lanu lili pamenepo. Vampaya wanuyo akudya chiyani? Akudya ndani? Namwinoyo akudziwa? Thumba la magazi likasowa mufiriji ya kuchipatala, ndi mayi uti wobereka amene wasowa nalo thandizo m'mawa mwake? Musabise zimenezi kuseri kwa maso okongola.

Komanso kumbukirani amene adzawerenge. Ambiri a ife tikukumbukira 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinafala ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu n'kumagona panja m'magulu chifukwa cha mantha, ndipo anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya powaganizira kuti ndi opopa magazi. Ngakhale ogwira ntchito zachipatala ankaopa kulowa m'midzi ina. Wowerenga amene anaona zimenezo sangatenge womwa magazi ngati mnyamata wokongola chabe wokhala ndi kavuto kakang'ono. Kwa iye magazi ndi nkhani yolemera. Nkhani yanu ichitikire ku London kapena ku Transylvania, kulikonse kumene mwaiika, koma kulemera kumeneko kukhalemo. Mukakuchotsa, wowerengayo adzadziwa kuti mukumunamiza.

Pali amene adzakuuzani kuti kulemba za mavampaya ndi zausatana. Ine ndimapemphera, ndipo sindinaonepo kuti kuganizira za imfa ndi moyo wosatha kumamuchotsa munthu kwa Mulungu. Chimene ndimaopa ine ndi buku limene limauza mtsikana kuti thupi lake lokalamba, lodwala, lotopa, ndi chinthu choti athawemo kuti ayenere kukondedwa. Ine ndinasambitsa thupi lotupa, ndinalitembenuza pabedi, ndinalipaka mafuta pamene khungu linkang'ambika, ndipo sindinalikondepo kwambiri kuposa masiku amenewo. Ndikufuna kuwerenga vampaya amene akuchita zimenezo. Amene ali ndi mphamvu yothyola chitseko chachitsulo, koma akuphunzira kugwira sipuni ya phala modekha kuti nkhalamba yake isatsamwe. Amene anthu ankamutcha mwamuna wake, kenako mwana wake, kenako mdzukulu wake, iye osawatsutsa pofuna kumuteteza mkaziyo. Amene akudziwa kuti adzaima pamanda usiku, yekha, chifukwa mwambo wa maliro unachitika dzuwa lili pamutu ndipo sakanatha kubwera. Mukamusandutsa namwinoyo mwazula mzati wapakati pa nyumba, ndipo zonsezi zigwa.

Tsono mutu womalizawo. Vampayayo amupemphe, kamodzi kokha, momveka, ndipo namwinoyo aganize mozama, chifukwa chiyeso chopanda mphamvu si chiyeso. Akane pa chifukwa chake cha iye mwini, chimene mwachibzala kale m'mitu yoyambirira, kaya ndi odwala ake, kaya ndi mayi ake, kaya ndi dzuwa la m'mawa akamaweruka ntchito ya usiku. Kenako dumphani zaka. Mutionetse ali ndi zaka 40, kenako 70. Ngati mtima wanu ukukakamirabe kuti asanduke, bukulo ndi lanu, koma alipire pamaso pathu: ntchito ya m'wodi ithe chifukwa fungo la magazi sangalipirire, aike mayi ake, aike ang'ono ake, aike ana a ang'ono akewo, ndipo pakhale usiku umodzi umene akumuda mwamunayo chifukwa cha zimene anamuchita.

Mukalemba munditumizire, ndipo muyambe ndi tsamba limene ali ndi zaka 70. Anzanu aja muwapatse tsamba lomwelo musanawafunsenso za mathero.