Makaseti a bambo anu ndi poyambira pabwino

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina, dzina sinditchula. Akuti bambo ake anamwalira chaka chatha ndipo polongosola katundu anapeza katoni ya makaseti pansi pa bedi, ambiri a Don Williams ndi Jim Reeves. Ali mwana nyimbozi ankadana nazo, ankati nzogonetsa tulo. Koma tsiku lina ali mu minibasi adalaivala anaika imodzi mwa nyimbo zomwe zija ndipo anangozindikira misozi ikutsika. Nde akufunsa kuti nyimbo za mtundu umenewu, zotchedwa country, ayambire pati kumvera, komanso anzake akumuseka kuti ndi nyimbo za azungu ndi madala, awayankhe chani.

Achimwene, choyamba pepani ndi imfa ya bambo. Za misozi mu minibasizo musachite nazo manyazi, nyimbo zimenezi ndi mmene zimagwirira munthu.

Poyambira muli napo kale, ndi mu katonimo. Musathamangire pa YouTube kukasaka mndandanda wa nyimbo 100 zotchuka, mungotha bandulo nkutuluka mutu uli balala. Tengani oyimba mmodzi mukhale naye mwezi wathunthu, ndipo ine ndikanati akhale Don Williams yemweyo. Bamboyu anabadwira ku Texas mu 1939, anamwalira mu 2017, ankamutcha Gentle Giant kamba ka msinkhu wake ndi kufatsa. Sakuwa, sathamanga, mawu ake ndi abesi ndipo chizungu chake chimamveka liwu lililonse, olo munthu amene sukulu anasiyira panjira amatolapo kanthu, ndi chifukwa chake kuno ku Africa anakondedwa mwina kuposa mmene anthu akwawo amaganizira. Mu 1997 anafika mpaka ku Harare kudzayimba. Jim Reeves nayenso anali wapafupi ndi dera lathu lino, anayendera South Africa mu 1962 mpaka anajambula nyimbo zina mu Afrikaans, kenako anafa pa ngozi ya ndege pafupi ndi Nashville, mzinda wa ku America womwe ndi likulu la nyimbo za country, pa 31 July 1964, ali ndi zaka 40 zokha. Makaseti ake a nyimbo za Mulungu ndi za Khirisimasi sankasowa m'nyumba za makolo athu.

Tsono kamveredwe kake ndi komwe ndikufuna ndikhalepo pang'ono. Country si nyimbo yoti izilira uku inu mukucheza pa WhatsApp. Ndi nthano. Oyimba amakhala akukufotokozera nkhani yokhala ndi poyambira ndi pothera, za munthu amene mkazi wamuthawa, za mlimi amene mbewu zapsa ndi dzuwa, za wandende, za dalaivala wa thiraki amene wasowa kwawo, ndipo ukaphonya mawu waphonya zonse, umangomva ngati nyimbo zonse nzofanana. Ine ndimati nyimbo imodzi muimvere katatu. Koyamba ingomverani basi. Kachiwiri tsatani mawu, ngati pena pakuvuta sakani mawuwo pa intaneti muziwerenga ikuyimba. Kachitatu siyani oyimbayo mutchere khutu ku zida zakumbuyo.

Mwachitsanzo pezani Coat of Many Colors ya Dolly Parton, ya mu 1971. Dolly anabadwa mu 1946 kumapiri a ku Tennessee, wachinayi m'banja la ana 12, osauka zenizeni. Mu nyimboyi akusimba zomwe zinamuchitikiradi, kuti mayi ake anasonkhanitsa tinsanza ta nsalu nkumusokera jekete uku akumufotokozera nkhani ya Yosefe wa m'Baibulo ndi malaya ake aja, iye nkupita nayo kusukulu akunyadira, kukafika anzake nkumuseka. Ine nditaimvetsa koyamba ndinakhala chete nthawi yaitali, chifukwa ndinakumbuka kabudula wanga wa yunifolomu ku pulayimale, wa zigamba ziwiri kumbuyo zosiyana mtundu, zomwe mayi anasoka usiku pa koloboyi atatsinzina diso limodzi kuti ulusi ulowe pa singano. Mtsikana wa ku Tennessee ndi mwana wa kumudzi kwathu, manyazi ake ndi amodzimodzi, chikondi cha mayi nchimodzimodzi.

Pa zida paja, mukamva kulira kwina kotsetsereka ngati munthu akusisima, imeneyo ndi steel guitar. Siinyamulidwa pachifuwa ayi, imagonekedwa chafulati, woyimba amatsetsereza kachitsulo pa mawaya uku mapazi akuponda mapedulo osintha kamvekedwe, ndipo kayimbidwe kotsetsereza kachitsuloka kanachokera ku Hawaii. Palinso fiddle, yomwe ndi vayolini yomweyo koma yoyimbidwa mwa kumudzi. Mukazolowera kusiyanitsa ziwirizi khutu lanu latseguka.

Nde za anzanu aja. Kuti ambiri oyimba country ndi azungu a kummwera kwa America ndi zoona, sindingakane, ndipo tsankho linalipo lambiri. M'ma 1920 makampani ojambula ankagawa dala, nyimbo za azungu akumudzi mbali ina, za anthu akuda mbali ina, pomwe oyimbawo ankaphunzitsana ndi kubwerekana nyimbo. Koma afunseni anzanuwo kuti banjo inachokera kuti. Inapangidwa ndi akapolo ochokera ku West Africa, potengera zida za kwawo za chikho ndi chikopa, ndipo mpaka lero a Jola aku Senegal ndi Gambia ali ndi akonting yomwe ukaiona sufunsanso. Banjo yomweyo inazungulira nkubwerera kuno, anyamata akumudzi nkumapanga yawo ndi chigubu ndi mawaya, a Allan Namoko aku Thyolo nkutchuka nayo. Hank Williams, amene ambiri amamutenga ngati tsinde la country yamakono, gitala anaphunzira kwa bambo wachikuda woyimba m'misewu ku Alabama, Rufus Payne. Pa Grand Ole Opry, pulogalamu ya pa wailesi ya WSM ku Nashville yomwe inayamba mu 1925 ndipo ilipobe, mmodzi mwa akatswiri oyambirira anali DeFord Bailey, wakuda, woyimba harmonica, kachida koyimba ndi pakamwa. Ndiye pali Charley Pride, mwana wa alimi a thonje ku Mississippi, amene nyimbo zake zoyamba anazitumiza ku mawailesi popanda chithunzi chake kuti anthu ayambe akonda mawu asanadziwe khungu, ndipo anadzakhala mmodzi mwa akuluakulu zedi. Zimandiwawa kuti mayina amenewa sadziwika mokwanira.

Zoti ndi za madala, eya, madala athu anazikonda ndipo anali ndi makutu abwino. Koma achinyamata akuyimbabe. Zambiri zatsopano zomwe zikutuluka ku Nashville ine sizindifika pamtima, zachuluka ng'oma za kompyuta ndipo nkhani yake ndi galimoto ndi mowa basi, koma Chris Stapleton yekha mumumvere, chimbale chake cha 2015 chili ndi mzimu wakale uja.

Mukatha mwezi ndi Don Williams pitani kwa Dolly, kenako Kenny Rogers amene ndi katswiri pa nthano, kenako Johnny Cash makamaka zomwe anajambula akuyimbira akaidi kundende ya Folsom mu 1968. Hank Williams mumusiye kumapeto, kajambulidwe kake nkakale ndipo mawu ake ndi owawa, anafa pa 1 January 1953 ali ndi zaka 29, amafuna khutu lomwe lazolowera kale.

Makasetiwo chonde musataye ndipo musawaike padzuwa. Funsani kwa okonza mawailesi mumsika, wailesi ya kaseti imapezekabe. Tepi ikakhala yolendewera lowetsani cholembera cha Bic pabowo muzungulitse pang'onopang'ono mpaka ikungike. Muyang'ane kaseti yomwe pepala lake lafufutika kwambiri ndi zala, imeneyo ndi yomwe bambo ankaikonda. Ndipo musaibweze kumayambiriro, ikani momwe iliri nkudina play, iyambira pomwe iwo anasiyira. Mukamvera mundilemberenso, ndikufuna ndidziwe kuti inali nyimbo iti.