Hayala ya galimoto yakwera: ndi kudyera masuku pamutu?

Achimwene, mwafunsa ngati obwereketsa magalimoto kuno ku Chipata akutidyera masuku pamutu. Pena inde, pena ayi.

Boma litachotsa sabuside (ndalama zomwe linkaikapo kuti mtengo utsike) ya mafuta mu Disembala 2021, bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi la ERB linayamba kuunikanso mtengo wa petulo ndi dizilo mwezi uliwonse. Magalimoto ambiri ndi akale ochokera ku Japan, olowera pa Nakonde, ndipo matayala ndi masipeyala ake amatsata dola. Kwacha ikagwa, mwini galimoto amalira. Onjezanipo misewu ya kumidzi nthawi ya dzinja, mashoko amatha ngati sopo. Pamenepo sindiwadzudzula.

Pa mwambo wa Angoni wa Nc'wala ndiye pamandipsetsa mtima. Febuluwale wapitayu ndinapangana ndi bambo wina kuti atipititse ku Mtenguleni, komwe kumachitikira mwambowu. M'mawa wa tsikulo, amayi atavala kale chitenje chawo chatsopano, akudikira pakhonde, bamboyo anandiimbira kuti mtengo wawirikiza kawiri poti alendo a ku Lusaka alipira zambiri. Kodi mafuta anakwera usiku umenewo? Kumeneko ndi kuba masanasana.

Mukapangana mtengo, lemberanani pa WhatsApp, perekani dipoziti ndipo musunge umboni. Akatembenuka, kadandauleni ku bungwe loteteza ogula la CCPC.