Kodi shopu yanga ikufunika apu ya pa Play Store, kapena PWA ikwanira?

Funso: Ndili ndi shopu ya zovala ndi nsapato, ndipo makasitomala ambiri amandifunsa mitengo pa WhatsApp tsiku lonse. Katswiri wina wa mapulogalamu akuti andipangire apu ya Android ndi ina ya iPhone, koma ndalama imene akutchula ikudya theka la mpamba wanga. Mwana wanga akuti ndipangitse PWA chifukwa ndi yotchipa. Kodi kutchipako sikukutanthauza kuti ndi chinthu chosalimba?

Yankho: Mayi, mwana wanuyo wakuuzani zoona, ndipo theka la mpamba musalikhudze. Kwa shopu ngati yanuyi PWA ndi yokwanira.

PWA, kapena kuti progressive web app, ndi webusaiti yopangidwa mwakuti izigwira ntchito ngati apu. Kasitomala amadina linki, shopu yanu n'kutseguka pomwepo. Akaikonda amaika kachizindikiro kake pa sikirini ya foni, ndipo mawa akadina pamenepo imatseguka yokha ngati apu ina iliyonse. Dzinali analiyambitsa mu 2015 ndi Frances Berriman pamodzi ndi Alex Russell, injiniya amene panthawiyo ankagwira ntchito ku Google pa Chrome, pulogalamu yotsegulira mawebusaiti. Choncho si zachilendo, zakhala zikuyesedwa kwa zaka zambiri.

Musanaganizire mtengo, ganizirani foni ya kasitomala wanu. Nthawi zambiri imakhala yodzaza ndi zithunzi, mavidiyo ndi mauthenga, ndipo imangodandaula kuti malo atha. Kuti munthu ameneyu aike apu yanu, ayenera kupita pa Play Store, kuifufuza, kuwononga data poitsitsa, mwinanso kufufuta kaye china chake. Zonsezi achite chifukwa cha nsapato zimene amagula kawiri pachaka? Ambiri amathera panjira. Ngakhale amene aitsitsa, tsiku limene foni idzadzaze, apu ya shopu ndi imene idzayambe kufufutidwa, osati WhatsApp kapena ya kubanki. Linki ilibe chipsinjo chimenechi. Mumaitumiza pa WhatsApp pomwe mumacheza kale ndi makasitomala, munthu n'kuona katundu ndi mitengo osatsitsa kalikonse.

Makampani akuluakulu anaona vuto lomweli. Mu 2017 Twitter inatulutsa Twitter Lite, yomwe inali PWA yosakwana 1MB, poganizira anthu a mafoni otchipa ndi netiweki yofooka. Chinsinsi chake ndi kapulogalamu kotchedwa service worker, kamene kamasunga mbali zina za webusaiti m'foni momwemo. Kasitomala akabweranso, foni sitsitsanso zonse kuyambira pachiyambi, ndiye tsamba limatseguka msanga ndipo data imapita yochepa. Netiweki ikadula, zithunzi ndi mitengo zimene anaona kale zimaonekabe.

Apa pali poterera, ndipo opanga mapulogalamu ena satchulapo. Kuona katundu popanda netiweki n'kotheka, koma kulipira kumafuna intaneti. Komanso mtengo umene wasungidwa m'foni ukhoza kukhala wa mlungu watha, inu mutakweza kale. Muuzeni wopangayo kuti mitengo izisintha nthawi iliyonse foni ikapeza netiweki, ndipo pazioneka tsiku limene mtengowo unaikidwa. Mukapanda kutero mudzakangana ndi kasitomala amene wabwera ndi umboni m'manja.

Kumbali ya ndalama, kusiyana kwenikweni n'kwakuti PWA ndi ntchito imodzi yogwira pa Android, pa iPhone ndi pa kompyuta, pamene mapulogalamu awiri amafuna kusamalidwa pawiri chaka ndi chaka. Anthu amawerengera mtengo wopangira okha n'kuiwala wokonzetsa. Onjezanipo ndalama zolembetsera pa Play Store ya Google ndi App Store ya Apple: Google imalipiritsa madola 25 kamodzi kokha, Apple madola 99 chaka chilichonse, ndipo mukasintha apuyo imadikira kaye kuti aiunike asanaitulutse. Mudzamvanso ena akunena kuti PWA imakupulumutsani ku gawo la ndalama limene masitolo awiriwa amadula pa zogulitsa za mu apu. Zimenezo n'zoona kwa ogulitsa zinthu za pa intaneti monga masewera, koma zovala ndi nsapato sizidulidwa gawo limeneli, ndiye mfundo imeneyo isakukopeni. PWA nayo si yaulere: dzina la webusaiti ndi malo oisungira pa intaneti mudzazilipira chaka chilichonse. Chiphaso cha chitetezo cha HTTPS, chimene PWA singagwire ntchito popanda icho, chimapezeka kwaulere ku bungwe la Let's Encrypt, choncho mukachiona pa invoisi mufunse chifukwa chake.

Pa iPhone zinthu zimatsalira pang'ono. Foniyo simufunsa munthu yokha ngati akufuna kuika PWA pa sikirini. Ayenera kudina Share kenako Add to Home Screen, ndipo ambiri sadziwa. Mauthenga odziwitsa za katundu watsopano anayamba kutheka pa iPhone mu 2023, pa iOS 16.4, ndipo amafika kwa okhawo amene aika kachizindikiro pa sikirini. Ngati makasitomala anu ambiri ali ndi iPhone, muziwasonyeza nokha kachitidwe kake. Ndipo ngati tsiku lina mudzafunedi kupezeka pa Play Store, PWA yomweyo ikhoza kukonzedwa n'kuikidwa kumeneko osayambanso ntchito yatsopano.

Apu yeniyeni imafunika kwa amene bizinesi yake imadalira kwambiri zida za m'foni, monga kutsata komwe kuli galimoto tsiku lonse foni ili m'thumba. Shopu ya zovala sifika kumeneko.

Popangana ndi wopangayo, dzina la webusaiti lilembetsedwe m'dzina lanu, osati lake, ndipo mapasiwedi onse akhale ndi inu. Mukadzasemphana, asadzapite ndi shopu yanu. Akuphunzitseninso kusintha mitengo ndi zithunzi nokha. Musanamalize kulipira, tengani foni yotchipa ya Android, mutsegule linkiyo, muike kachizindikiro pa sikirini, kenako muzimitse data n'kutsegulanso. Katundu akaoneka, mulipireni yotsalayo. Pakangooneka tsamba loyera, ntchito sinathe.