Amaya akufuna chiyani pa malo awo opatulika?

Mayi wina amene amawerenga tsamba lino wanditumizira imelo. Akuti anaona vidiyo pa YouTube ya anthu a ku Guatemala atazinga moto patsogolo pa zinyumba zakale zamiyala, akupemphera m'chinenero chawo. Funso lawo ndi ili: "Kodi Amaya aja sanathe kalekale? Nanga poti mabwinja awo ali kale m'manja mwa boma ndi UNESCO, akudandaulanso chiyani?"

Mayi, Amaya alipo ndithu, ndipo ndi ambiri. Kalembera wa 2018 ku Guatemala anapeza kuti ndi oposa 6 miliyoni, pafupifupi anthu 42 mwa 100 alionse m'dzikomo, ndipo amalankhula zinenero 22 monga K'iche', Q'eqchi', Mam ndi Kaqchikel. Chimene chinatha ndi ufumu wa mizinda ngati Tikal ku Guatemala, imene inasanduka bwinja zaka zoposa 1,000 zapitazo. Mapemphero awo sanaleke, ngakhale kuti akhala akuponderezedwa kuyambira pamene Aspanya anafika. Mu 1562 wansembe Diego de Landa anatentha mabuku awo ku Maní, m'chigawo cha Yucatán ku Mexico.

Moto munauonawo sauyatsa wamba. Amautsogolera ndi ajq'ij, munthu wosunga masiku a kalendala yopatulika yotchedwa Cholq'ij. Kalendalayi ili ndi masiku 260: mayina 20 a masiku amene amayenda limodzi ndi manambala 1 mpaka 13. Ajq'ij amayamba ndi kujambula mzere wozungulira pansi ndi shuga, n'kuika mtanda pakati woloza mbali zinayi za dziko. Pamwamba pake amayala utomoni wonunkhira umene amautcha pom, tizipande ta mtengo wa paini, maluwa, fodya ndi chokoleti. Makandulo ali ndi malo ake: ofiira kum'mawa, akuda kumadzulo, oyera kumpoto, achikasu kum'mwera. Moto ukayaka, amatchula masiku onse 20 limodzi ndi limodzi, lililonse kuliwerenga mpaka 13, uku akuponya nsembe pamoto ndi kuyang'ana mmene malawi akupendekera. Amathokoza makolo, amapempherera odwala, chimanga ndi mvula.

Mwambo wotere umafuna malo ake, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Malo ambiri opatulika si zinyumba zamiyala zokopa alendo ayi. Ndi kaphiri, phanga, kasupe, kapena mwala wakuda ndi mwaye. Pamwamba pa phiri la Chicabal pali nyanja imene anthu a mtundu wa Mam amakapempherako mvula patapita masiku 40 kuchokera pa Pasaka. Amazika maluwa m'mphepete mwa madzi, ndipo kusambiramo n'koletsedwa. Ife amene timadziwa za nkhalango ya Khulubvi ku Nsanje sitingavutike kumvetsa: kachisi wa M'bona mutamumanga ku Lilongwe, ngakhale ndi simenti yabwino bwanji, sangakhalenso wa M'bona.

Tsono mwafunsa za boma. Zoona, Tikal ili pa mndandanda wa malo otetezedwa wa UNESCO, bungwe la United Nations loona za chikhalidwe, kuyambira 1979, ndipo lamulo la Guatemala limati mabwinja ndi chuma cha dziko lonse. Koma kwa boma malowo ndi mabwinja ofukula ndi okopa alendo, pamene kwa Amaya ndi kopemphera. Unduna wa zachikhalidwe umalola ajq'ij kulowa n'kuchita mwambo pamalo osankhidwa, koma chilolezo chotere chimachokera kwa nduna, ndipo nduna ina itha kuchisintha. Mwini guwa amakhala ngati mlendo pa guwa la makolo ake. Mu December 2012, pamene dziko lonse linkasokosera zakuti kalendala ya Amaya ikulosera kutha kwa dziko, boma linakonza chikondwerero chachikulu ku Tikal. Atsogoleri a bungwe la Amaya la Oxlajuj Ajpop anadandaula kuti chikhulupiriro chawo chasandutsidwa malonda, ndipo alendo ena anakwera kachisi wakale wotchedwa Temple II, komwe n'koletsedwa, n'kuononga miyala. Zimenezi zimandipweteka, chifukwa eni ake anali atanena mobwerezabwereza kuti tsikulo linali longomaliza nyengo imodzi n'kuyamba ina.

Ndipo amenewo ndi malo otchuka, okhala ndi alonda. Maguwa ambiri ali m'minda ya khofi, ya nzimbe kapena m'malo odyetsera ng'ombe a anthu ena, kuseri kwa waya. Mwini munda akakana, palibe kolowera. Pa bwinja la Amaya la Kaminaljuyu, mzinda wamakono wa Guatemala City unameza milu yakale yambiri mwa yoposa 200 imene inalipo. M'dziko loyandikana nalo la Belize, mu 2013, kampani yokonza misewu inagumula chinyumba chakale cha Amaya cha ku Nohmul ndi makina kuti ipeze miyala yothira mumsewu.

Amaya analonjezedwa zoposa pamenepa. Nkhondo yapachiweniweni ya 1960 mpaka 1996 inapha kapena kusowetsa anthu pafupifupi 200,000, ambiri mwa iwo Amaya. Pokambirana za mtendere, pangano la 1995 lokhudza ufulu wa eni dziko linavomereza kuti iwo ali ndi ufulu wotenga nawo mbali posamala ndi kuyendetsa malo awo opatulika. Mu 2008 Amaya anapereka ku nyumba ya malamulo ya Guatemala bilu nambala 3835, yofuna kukhazikitsa khonsolo yawoyawo yoyang'anira malowo ndi kutsimikiza kuti azitha kufika pa maguwa awo. Amalonda ndi eni minda ikuluikulu anaikana, ati ikulowerera pa katundu wa munthu. Biluyo sinavomerezedwe.

Ine ndikuona kuti pempho lawo ndi lachilungamo, ndipo likukhudza moyo wa anthu enieniwo. Pa 6 June 2020, Domingo Choc Che, ajq'ij wa mtundu wa Q'eqchi' komanso katswiri wa mankhwala azitsamba amene ankagwira ntchito ndi ofufuza a m'mayunivesite, anatenthedwa wamoyo m'mudzi wa Chimay m'chigawo cha Petén ku Guatemala atamunamizira ufiti. Dziko limene malamulo ake sazindikira guwa la munthu ngati malo opemphererapo limasiya khomo lotseguka kwa amene amamutcha mfiti. Chimene Amaya akufuna, mayi, n'chakuti lamulo linene poyera kuti malowa ndi opatulika mpaka lero, ndiponso kuti eni mapempherowo akhale ndi mawu pa kasamalidwe kake.