Foni zikugwira Wi-Fi koma laputopu ayi: kodi ndigule rauta ina?

Mayi wina amene ali ndi kashopu kotaipa makalata ndi kupanga fotokope ku Zomba anandilembera imelo. Akuti foni zonse za m'shopumo zimagwira Wi-Fi bwinobwino, koma laputopu imene achimwene awo anawatumizira kuchokera ku America imachita kusankha masiku. Lero yalumikiza, mawa dzina la netiweki silikuoneka n'komwe, chonsecho rauta ili patebulo lomwelo. Pulinta nayonso imangodukaduka. Wina wawalangiza kuti agule rauta (kabokosi kamene kamaulutsa Wi-Fi) yamphamvu, ndiye akufunsa ngati n'zoona.

Mayi, ndalama zanuzo zisungeni kaye. Chipangizo chikamalephera kuona rauta imene ili pamphuno pake, vuto silikhala kuchepa kwa mphamvu. Ine ndikukayikira tchanelo.

Wi-Fi imene zipangizo zambiri zimagwiritsa ntchito imayenda pa mpata wa mafunde a wailesi wotchedwa 2.4 GHz, ndipo mpata umenewu unagawidwa m'matchanelo, ngati masiteshoni a wailesi. Ku Ulaya ndi m'mayiko ambiri a kuno kwathu, rauta imatha kuulutsa pa tchanelo 1 mpaka 13. Ku United States ndi ku Canada amathera pa 11, moti zipangizo zambiri zopangira msika wa kumeneko sizimva chilichonse pa 12 ndi 13. Zili ngati wailesi imene singano yake imathera panjira: siteshoni ikuulutsa ndithu, koma ngakhale mupotokole bwanji simuipeza. Foni zanu sizivutika chifukwa foni imadziwa dziko limene ili kudzera pa netiweki ya simu khadi, n'kutsatira matchanelo a dzikolo.

Nanga bwanji masiku ena imagwira? Apa m'pamene pali nkhani. Marauta ambiri amabwera atawaika pa Auto, kutanthauza kuti rauta ikangoyaka imamvetsera kaye ma netiweki oyandikana nawo n'kusankha yokha tchanelo chimene chikuoneka chopanda phokoso. Ndiye taganizirani mmene magetsi amathimira. Akabweranso, rauta yanu ndi za anzanu a mashopu oyandikana zimadzuka nthawi imodzi, iliyonse kufunafuna pokhala. Ulendo wina yanu igwera pa 6, laputopu n'kulumikiza. Ulendo wina ithawira pa 13, laputopu n'kungoti kakasi. Mukakumbukira bwino, mwina mupeza kuti vutoli limayamba magetsi akangobwera kumene.

Kukonza kwake sikulira ndalama. Tembenuzani rauta muone kapepala komata kunsi kwake. Pamenepo pamalembedwa adiresi yolowera, kawirikawiri 192.168.1.1, 192.168.0.1, kapena 192.168.8.1 pa marauta ambiri oika simu khadi. Lembani manambalawo pa browser (pulogalamu yotsegulira masamba a intaneti) ya foni imene yalumikiza kale, lowani ndi dzina ndi pasiwedi za pa kapepala komweko, kenako pitani pamene alemba kuti Wireless kapena WLAN. Pa Country kapena Region onetsetsani kuti pali dziko lanu, ngati lilipo pa mndandandawo. Pa Channel chotsanipo Auto, muikepo 1, 6 kapena 11.

Atatu amenewa sindinangowatola. Matchanelo a 2.4 GHz anatalikirana ndi 5 MHz yokha (MHz ndi muyeso wa mafunde a wailesi), pamene siginolo ya rauta imodzi imadya malo okwana pafupifupi 20 MHz. Ndiye rauta imene ili pa 3 imalowerera pa 1 komanso pa 6. Anthu ena amasankha 3 kapena 9 poganiza kuti athawa anzawo, koma m'malo mwake amasokonezana ndi mbali zonse ziwiri. Marauta awiri amene ali pa tchanelo chimodzi amamvana n'kumapatsana mpata, pamene amene angolowererana pang'ono amangochitirana phokoso. Kuti mudziwe chabwino mwa atatuwa, ikani pa foni ya Android pulogalamu yoonetsa ma netiweki a Wi-Fi ndi matchanelo awo, muimirire pamene laputopu imakhala, n'kusankha chimene chili ndi marauta ochepa kapena ofooka. Manambala a mphamvu amalembedwa ndi kamzere kutsogolo: -50 ndi siginolo yamphamvu, -80 ndi yofooka kwambiri. Pa Channel Width, kutanthauza kukula kwa tchanelo, ikani 20 MHz. Ya 40 MHz imaoneka yokopa chifukwa nambala ndi yaikulu, koma pamalo pothithikana mashopu imangokuwonjezerani adani.

Za pulinta tsopano. Mapulinta ambiri, makamera ndi mafoni otsika mtengo amadziwa 2.4 GHz yokha. Ngati rauta yanu ilinso ndi mpata wachiwiri wa Wi-Fi wotchedwa 5 GHz, ndipo zonse ziwiri zili pa dzina limodzi, zipangizo zina zimasokonezeka polumikiza. Ine ndimakonda kuzisiyanitsa mayina, kuti pulinta ikhale pa 2.4 basi, laputopu ipite pa 5 GHz ngati imatha. Pa 5 GHz sankhani 36, 40, 44 kapena 48. Matchanelo oyambira pa 52 mpaka cha m'ma 140 amagawana mpata ndi ma radar (makina ozindikira zinthu zakutali pogwiritsa ntchito mafunde a wailesi), kuphatikizapo oona zanyengo, moti rauta imayenera kumvetsera kaye kwa mphindi imodzi kapena kuposerapo isanayambe kuulutsa, ndipo ikamva radar imasamuka. Zipangizo zina siziwadziwa n'komwe matchanelo amenewa. Kumbukiraninso kuti 5 GHz siboola bwino khoma la njerwa.

Mukasunga zimene mwasintha, zimitsani rauta n'kuiyatsanso, ndipo pa laputopu fufutani netiwekiyo n'kuilumikiza mwatsopano. Rauta musaiike pakati pa makina a fotokope ndi kabati yachitsulo, muiike pamwamba poonekera. Mukatero laputopu n'kumalumikiza tsiku lililonse koma intaneti n'kumayendabe ngati nkhono, ndiye kuti, ngati rauta yanu ndi yoika simu khadi, kwatsala siginolo ya 4G yochokera ku nsanja ya kampani ya mafoni, imene ndi nkhani ina: yesani kusendeza rauta pafupi ndi windo, ndipo mundilembere zimene mwapeza.