Yankho kwa ofuna kupanga wotchi ya manambala ya m'shopu ku Kasungu

Achimwene, mwafunsa ngati Arduino Nano (kabodi kakang'ono kogwira ntchito ngati kakompyuta) ndi kasikirini kakang'ono zingakwanire kupangira wotchi yopachika m'shopu yanu pa boma. Langizo langa ndi lakuti muwonjezerepo kachipangizo kosunga nthawi kotchedwa DS3231, ndipo ngati ndalama zikuperewera, mugule sikirini yotchipa koma kameneka musakasiye.

Arduino payokha sidziwa kuti ili nthawi yanji. Imangowerenga kuyambira pamene yayatsidwa, choncho magetsi akathima imayiwala zonse, ndipo akabwera imayambiranso pa ziro. DS3231 imayendera kabatire kakekake ka CR2032, kotero kuti imapitiriza kuwerenga ngakhale magetsi atasowa tsiku lonse. Ena adzakuuzani kuti mugule DS1307, kachipangizo kena kosunga nthawi, chifukwa mtengo wake ndi wotsikirapo, koma ine sindingakulimbikitseni kutero, popeza imathamanga kapena kutsalira kutentha kukasintha, ndipo inu mukudziwa mmene shopu ya malata imatenthera mu Okutobala. DS3231 imayeza kutentha n'kudzikonza yokha, moti pakati pa madigiri 0 ndi 40 siphonya kuposa pafupifupi mphindi imodzi pa chaka.

Kulumikiza kwake n'kosavuta: polembedwa SDA pa DS3231 palumikizidwe ku A4 ya Arduino, SCL ku A5, kenaka VCC ndi GND, zomwe ndi za mphamvu. Mphamvu mungaitenge ku chaja ya foni ya 5V.

Pa sikirini, sankhani TM1637 ya manambala anayi, chifukwa imafuna mawaya awiri okha a uthenga ndipo kasitomala amaiwerenga ali pakhomo. OLED ya mainchi 0.96 ndi yokongola, koma ndi yaing'ono, ndiponso ikamayaka usana ndi usiku manambala amasiya zipsera pagalasi.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikupemphani kuti musamale nazo kwambiri. Timabodi tambiri ta DS3231 tolembedwa ZS-042 timatchaja batire, pamene CR2032 si yotchaja ndipo ikhoza kufufuma. Chotsani resistor (kachipangizo kochepetsa magetsi) yolembedwa 201 imene ili pafupi ndi diode (kachipangizo kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha) musanaikemo batire. Chachiwiri chili mu pulogalamu. Mukagwiritsa ntchito RTClib ya kampani ya Adafruit (pulogalamu yolembedwa kale yolankhulira ndi DS3231), mzere woika nthawi wa rtc.adjust uikeni m'kati mwa funso la rtc.lostPower, lofunsa ngati DS3231 inataya mphamvu, chifukwa mukausiya poyera, nthawi iliyonse imene magetsi abwera wotchi idzabwerera pa ola limene munalowetsa pulogalamuyo kuchokera pa kompyuta, ndipo mudzayesa kuti DS3231 ndi yowonongeka pamene ili bwinobwino.