Akuti tingakhale bwino popanda iwo

Funso: Zikomo anamwino. Bambo a ana anga anatenga katapila wa feteleza, koma chimanga chinapsa ndi ng'amba. Ngongole ikungokwera. Masiku ano sagona, ndimawapeza pakhonde pakati pa usiku. Anasiya bawo, kutchalitchi sapitanso, ndipo ayamba kachasu. Sabata yatha anati, "Inu ndi ana mungakhale bwino popanda ine," kenako njinga yawo anapatsa mng'ono wawo. Apongozi akuti ndisawafunse za kudzipha, ndingawapatse maganizo. Nditani? Mayi wa ana anayi, Dowa.

Yankho: Mayi anga, afunseni lero lomwe, mosazungulira: "Kodi mukuganiza zodzipha?" Apongozi akulankhula mwachikondi, koma apa alakwitsa. Kufunsa sikuika maganizowo mwa munthu. Pa zaka zanga zaunamwino ndaona abambo akugwetsa misozi chifukwa chopepukidwa kuti wina wafunsa.

Anthu angongole ndi ambiri, ndipo ochuluka saganiza zodzipha. Chandiopsa ine ndi mawu awo aja. Katswiri wa za maganizo wa ku America, Thomas Joiner, anafotokoza mu 2005 kuti mtima wofuna kufa umakula pamene munthu akudziona ngati mtolo kwa abale ake, komanso ngati alibenso malo pakati pa anzake. Amuna anu zonse ziwiri zawapeza: akudziyesa mtolo, ndipo achoka pabawo ndi pagulu la mapemphero. Akafika pokhulupirira kuti zinthu sizidzasinthanso, ngozi imakhala pafupi. Kusagona kumachititsa kuti munthu azingobwereza ganizo limodzi usiku wonse, ndipo kachasu amachotsa mantha amene akanamuletsa. Za njingazo musazitenge ngati kuwolowa manja chabe. Ena amatsanzika motero.

Mankhwala onse ophera tizilombo, a m'munda ndi osungira chimanga, achoke m'nyumba lero, akatsekeredwe kwa mbale wanu. Nthawi yoopsa kwambiri imakhala yaifupi, ndipo ikadutsa popanda choopsa pafupi, ambiri amapulumuka. Ku Sri Lanka ataletsa mankhwala oopsa kwambiri a m'munda, chiwerengero cha odzipha chinatsika kwambiri kuchokera pomwe chinali mu 1995. Usiku amuna anu asamakhale okha.

Akayankha, musawakalipire kapena kuwalalikira za tchimo. Kuyambira ali ana anamva kuti mwamuna salira, nchifukwa chake akhala chete nthawi yonseyi. Mvetserani. Kenako auzeni zenizeni zimene ana amafuna kwa iwo zosagulidwa ndi ndalama: amene amawaperekeza kuchipatala, amene amawaphunzitsa kugwira khasu. Munthu amene akudziwa kuti akufunika amakhala ndi chomugwira. Itanani ankhoswe kapena malume awo, mukakambirane ndi mwini ndalama za kubweza pang'onopang'ono, kuti ngongoleyo ioneke kuti ili ndi polekezera. Mnzawo wa bawo muuzeni azibwera kudzawatenga, ngakhale akane kawiri.

Mawa mupite nawo kuchipatala cha boma, mukafunse namwino woona za matenda a maganizo, ndipo mawu aja mukawanene monga anawanenera. Ku Lilongwe kulinso a St John of God, amene amathandiza anthu ovutika maganizo. Akakana poopa kutchedwa amisala, auzeni kuti mukupita kukadandaula za kusagona ndi kuganiza kwambiri, zomwe ndi zoona. Inunso mwasenza zambiri, mayi. Pezani mchemwali wanu woti azikhala nanu masiku amenewa.